Geti pa njira yakale: ndani ali ndi ufulu wodutsa pamalo a mnzake?



Aliyense amene wayenda msewu wochoka pa Mangochi kupita ku Monkey Bay m'zaka zapitazi waona mmene mipanda ya njerwa yachulukira kumbali ya kunyanja. Cha ku Namiasi, Nkopola ndi Makawa pali malo ena pomwe munthu umayenda mtunda ndithu ukungomva mafunde, madzi osawaona. Ku Senga Bay ndi chimodzimodzi. Eni mipandayi ambiri ali ndi mapepala awo, ndipo si onse alendo ayi, ena ndi ana athu omwe amene anapeza bwino m'tauni kapena ku Joni. Mkangano umabuka pamene kanjira komwe mudzi wonse unkatsikira kudoko kagwera mkati mwa mpanda, kapena pamene nyumba yako yatsalira kumbuyo, ndipo potulukira pokha ndi msewu umene mnzako analambula ndi kuthira miyala ndi ndalama zake.

Chaka cha 2024 chinaonjezera moto pankhaniyi. Nyanja inadzaza mwa mtundu woti achinyamata ambiri anali asanaonepo, ndipo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota madzi analowa m'nyumba ndi m'maloji. Njira zambiri za pamchenga, zomwe zinkatipulumutsa mipanda ikatitsekera kumtunda, zinamira. Anthu anayamba kudzera pakhomo pa anzawo ndi madengu a usipa pamutu, ena ndi njinga, ena ndi ngolo. Poyamba eni makomo ankangoti pitani, ndi vuto la tonse. Patapita miyezi mawu anasintha, mageti anayamba kuoneka, ndipo kufikira lero milandu ina ikadali pabwalo la mfumu.

Tikatuluka mu mzikiti anthu amatifunsa kuti, "Shehe, atitsekera njira, kodi zimenezi n'zololedwa?" Ife si maloya. Koma takhala nawo pa milandu ya malire zaka zambiri, ndipo zimene lamulo la dziko limayang'ana pankhani ya njira si zobisika. Munthu akazidziwa msanga sataya mbuzi zake pa mlandu woluza kale, komanso sagonja pomwe ufulu uli wake.

Njira yake ndi yanji?

Njira zonse fumbi lake ndi limodzi, koma pamaso pa lamulo sizifanana. Msewu wa boma, kaya uli m'manja mwa Roads Authority kaya mwa khonsolo, palibe munthu wamba angautseke ngakhale minda ya mbali zonse ziwiri ikhale yake. Pamenepo palibe zokambirana, kadziwitseni a khonsolo basi. Njira ya m'mudzi yodutsa pamalo a makolo, yopita kumjigo, kumanda, kudimba kapena kudoko, ndi ya mudzi pansi pa mfumu. Amene anagawiridwa munda m'mbali mwake anagawiridwa munda, sanagawiridwe njira.

Povuta ndi pa msewu umene uli mkati mwa malo a lizi kapena malo ena alionse amene munthu ali nawo mapepala. Apa tinene mosapsatira, ngakhale ena sakonda kumva: lamulo limayamba ndi kuima kumbali ya mwini malo. Iye ali ndi mphamvu yokaniza munthu kulowa, ndipo iwe wofuna kudutsa ndiwe uyenera kusonyeza komwe ufulu wako wachokera. Kungonena kuti "nanga ndidzere kuti?" si umboni.

Amene anakhalako ku madrasa mpaka kufika pa mabuku a fiqhi sadabwa nazo. M'kabuku ka Abu Shuja ka mazhabu a Imam Shafi'i, pa mutu wa kuyanjanitsa anthu, muli kusiyanitsa pakati pa msewu wotulukira mbali zonse, womwe ndi wa aliyense, ndi kanjira kotsekeka kumapeto, komwe eni ake ndi okhawo amene makomo awo amatsegukira mmenemo. M'kanjira kotere munthu amaloledwa kusuntha khomo lake kuyandikira kotulukira, koma kulisunthira mkati salola popanda chilolezo cha anzake. Maulama akale anaona kale kuti njira ikhoza kukhala ndi eni ake, ndi kuti kuyandikana nayo kokha sikukupatsa gawo.

Komwe ufulu wodutsa umachokera

Ufulu wolimba kuposa wina uliwonse ndi wolembedwa. Maloya amautcha easement. Tanthauzo lake n'lakuti malo awa ali ndi ufulu wodutsira pamalo awo, ndipo ufuluwo umamatirira ku nthaka, osati kwa munthu. Mwini malo akagulitsa, wogula amalandira malo pamodzi ndi njira yakeyo; iwenso ukamwalira ana ako amapitiriza kudutsa. Choncho chinthu choyamba mkangano ukabuka ndi kufufuza mapepala: lizi ya mnzanuyo ikunena chiyani, ndipo pulani ya malo imene anajambula a saveya ikuonetsa mabikoni ali pati. Si zachilendo kupeza kuti mpanda wadutsa mabikoni ndi mamita angapo, ndipo njira imene akuti ndi yawoyo ili kunja kwa malo awo. Zikatero mlandu watha usanayambe. Mapepalawa amasungidwa ku maofesi a malo a boma, ndipo ku ofesi ya DC kuli munthu woona za malo amene angakulozereni koyambira.

Nanga njira ikakhala kuti inalipo kale lizi isanabwere, koma sinalembedwe? Lamulo la Registered Land Act la 1967 lili ndi mfundo yotithandiza: pamalo amene ali m'kaundula wa lamuloli, ufulu wodutsa kapena wotunga madzi womwe unalipo pa nthawi imene malowo ankalembetsedwa koyamba sufa ngakhale usaoneke m'kaundulamo. Koma mawu oti "unalipo" ndiwo amafuna umboni. Akuluakulu amene anatsikira njirayo ali ana, manda amene ali kumapeto kwake, mitengo ya mango imene inadzalidwa m'mbali mwake, chitsime chakale, mapu akale a ku dipatimenti ya saveya, zonsezi zimalankhula. Ndipo mboni zimatha. Gogo amene akudziwa kuti njira ija inkadzera kuseri kwa mlambe uja sakhala nafe mpaka kalekale. Achinyamata muli ndi mafoni, muwajambule akufotokoza, mfumu ili pomwepo.

Pali ufulu winanso umene umabadwa chifukwa chosowa kolowera. Tiyerekeze kuti mayi wina anali ndi malo aakulu kuchokera kumsewu kufika kudambo. Wagulitsa chigawo cha kumbuyo, iye watsala ndi cha kumsewu, ndipo m'kalata yogulitsira sanatchule za njira. Wogulayo wazunguliridwa mbali zonse. Malamulo amene makhoti athu anatengera ku England amati pamenepa pali njira ngakhale sinalembedwe, chifukwa palibe munthu wanzeru angagule malo oti azikafikako pouluka. N'chimodzimodzinso ngati wogulitsayo ndiye watsalira kumbuyo. Koma chenjerani ndi mfundo ziwiri. Malo awiriwo ayenera kuti anali a munthu mmodzi asanagawidwe. Ndiponso kusowako kukhale kwenikweni. Ngati njira ina ilipo, kungoti ndi yozungulira kapena imachita matope m'dzinja, khoti silikupatsani ya chidule chifukwa choti ndi yachidule.

Kwa ife a kunyanja pali mlandu wina woyenera kuudziwa, wochokera ku Gambia. Mu 1990 khoti la Privy Council ku London linaweruza mlandu wa Manjang ndi Drammeh, wokhudza kamalo ka mu mzinda wa Banjul kamene kanali pakati pa mtsinje wa Gambia ndi malo a munthu wina. Mwini kamaloko ankafuna njira ya pamtunda ponena kuti alibe kwina kodzera. Oweruza anamukanira, ndipo chimodzi mwa zifukwa zawo chinali choti angathe kufikako pamadzi, ngakhale kuti n'kovutirapo. Chigamulo chimenechi sichimanga makhoti a kuno, koma maloya amachiwerenga, ndipo musadzadabwe loya wa mwini loji akadzafunsa msodzi kuti, "Nanga bwato mulibe?" Ife tikuona kuti yankho lake lilipo. Bwato si njira ya mayi wodwala usiku wa mwera, si njira ya mwana wa sitandade 1 wopita kusukulu, ndipo jeneza sitinyamula pa bwato kuchoka kunyumba kupita kumanda ali kumtunda. Koma mawu amenewa ayenera kukonzedwa bwino ndi kunenedwa pabwalo loyenera, osati pageti ndi mlonda.

Ulemu wathu umene umatha kutigwetsa

Tikhalitsepo pang'ono apa, chifukwa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Lamulo limazindikira kuti munthu amene wadutsa panjira zaka zambiri motsatizana akhoza kukhala ndi ufulu wopitiriza. Koma kudutsako kuyenera kukhala koonekera, kopanda ndewu, ndiponso kopanda kupempha. Mfundo yomalizayi ndiyo yodabwitsa. Amene wakhala akudutsa ngati njira ndi yake ali ndi mlandu wolimba kuposa amene chaka chilichonse amapita kukagwada kuti, "Bwana, tidutse nawo." Wopemphayo wavomereza ndi pakamwa pake kuti njirayo ndi ya mwini, ndipo chimene ali nacho ndi chilolezo chabe.

Tsono taganizani khalidwe lathu. Ife tinaleredwa kuti pakhomo pa munthu sudutsa osaodira. Msodzi akabwera ndi nsomba zambiri amasiya chambo chimodzi kapena kambale ka utaka kwa mwini malo, kuthokoza. Mlimi wa mpunga akakolola amatumiza mwana ndi kathumba. N'zabwino zimenezi, ndipo sitikunena kuti muleke. Koma tsiku la mlandu mwana wa mwini malo uja adzaimirira n'kunena kuti, "Anthuwa ankapempha kwa malemu bambo, ndipo ankalipira ndi nsomba." Mphatso ija yasanduka lendi. Mudzakana bwanji, pomwe mudzi wonse unkakuonani?

Chilolezo ndi chinthu chofewa kwambiri. Mwini akhoza kuchibweza tsiku lililonse, bola akupatseni nthawi yokwanira yokonzekera. Akamwalira kapena akagulitsa malo, chilolezo chimapita naye. Wobwera kumeneyo sanakulonjezeni kanthu. Mabanja ambiri amene lero atsekeredwa ankakhala bwino lomwe ndi mwini woyamba, munthu wachifundo amene sankafuna n'komwe kumva za mapepala. Ankati, "Ife ndi amodzi, tilemberanenji?" Mawu okoma, koma anamwalira nawo.

Mankhwala ake ndi kulemba ubale ukadali wabwino. Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu Surat al-Baqarah, ndi yolamula kulemba ngongole ndi kuikapo mboni, ndipo inatsikira anthu amene ankakhulupirirana kuposa ife. Kulemba si kukayikira mnzako. Kalata ya njira inene momveka kuti njira ikuyambira pati kukathera pati, ndi yotambalala mamita angati, ikutumikira nyumba kapena munda uti, ololedwa ndi oyenda pansi okha kapena ngolo ndi galimoto zomwe, ndipo ikawonongeka akonza ndani. Inenenso kuti pangano likumanga ana ndi aliyense amene adzagule malowo. Asayine eni malo onse awiri, mboni, a nyakwawa ndi a gulupu adindepo chidindo. Kuno kwathu malo ambiri ndi a mbumba, choncho mwinimbumba ndi alongo asasiyidwe. Kalata yosayinidwa ndi mkamwini yekha ndi pepala lokulungira mandasi. Ngati malowo ndi a lizi, chidindo cha mfumu pachokha sichikwanira. Pafunika loya alembe mwa dongosolo lake ndi kukalembetsa ku kaundula wa malo, kuti wogula wa mawa asadzati sindinadziwe. Zimadya ndalama, inde, koma n'zochepa poyerekeza ndi mlandu wa ku High Court, ndipo mabanja angapo ogwiritsa njira imodzi akhoza kusonkherana.

Ufulu uli ndi malire ake

Tsopano titembenuke, chifukwa mwini msewu nayenso ali ndi madandaulo omveka. Munthu wathira miyala ndi dothi lofiira malole angapo, wakumba ngalande, ndiye mnzake amene analoledwa kudutsa ndi njinga wayamba kulowetsa malole a mchenga m'mwezi wa February. Pakutha sabata ziwiri msewu wasanduka dimba. Kapena njira inali ya banja limodzi, lero banjalo lamanga nyumba za lendi 6 kumbuyoko ndiponso latsegula malo oonetsera mpira, kabaza akungolira mpaka pakati pa usiku. Munthu wotere akaika geti sitingamutche wankhanza.

Lamulo limati ufulu wodutsa umakhala pa msinkhu umene unaperekedwa kapena umene unazolowereka. Njira ya miyendo siisanduka yokha msewu wa lole. Ufulu wodutsa ndi wodutsa basi: suphatikiza kuimika ngolo pamenepo usiku wonse, kuyanika chilimira kapena matchera pa mpanda wa mwini, kumanga thandala la usipa m'mbali, kapena kumangirira mbuzi kuti zidye msipu. Ndi wa nyumba kapena munda umene unatchulidwa, pamodzi ndi alendo ake ndi antchito ake. Sungaugawe kwa mnzako wa munda wina wakutsogolo ngati ukugawa fodya. Pa za kukonza, pokhapokha mutapangana mwina, mwini malo sakakamizidwa kukukonzera msewu, koma iwe wodutsa uli ndi ufulu wokwirira maenje ndi kulambula kuti udutsike. Kunena zoona, pomwe odutsa amatuluka ndi makasu mvula ikatha n'kukonza okha, mikangano siichuluka.

Geti nalo si mlandu nthawi zonse. Mwini akhoza kuika geti poopa akuba kapena ziweto, malinga ngati silikutsekereza amene ali ndi ufulu. Akupatseni kiyi, kapena likhale lotseguka nthawi imene anthu amadutsa. Koma apa eni malo ochokera m'tauni ayenera kuuzidwa za nthawi ya kunyanja. Kwa iwo 6 koloko madzulo ndi nthawi yotseka. Kwa alovi a usipa imeneyo ndiyo nthawi yotsikira kudoko ndi nyali, ndipo amabwerera m'bandakucha, ageni ali kale pamchenga kudikira. Geti lotsegulidwa 7 koloko m'mawa ndi kutsekedwa 6 koloko madzulo, kwa msodzi ndi khoma. Maola alembedwe m'kalata muja.

Ndipo tisangoloza zala eni makoteji. Ifenso timadyerana njira. Kumadimba ndi kuminda ya mpunga, chaka chilichonse khasu limadya chikhatho chimodzi mbali iyi, chikhatho china mbali inayo. Njira imene kale inkadutsa ngolo ya ng'ombe lero munthu wosenza thumba amayenda chammbali. Palibe geti, palibe mlonda, koma njira yapita. M'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli hadisi yosonyeza kuti Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale kwa iye, anagamula kuti anthu akasemphana pa kukula kwa njira, ikhale mikono 7. Pa muyeso wa lero ndi mamita 3 ndi kanthu. Ndi muyeso wanzeru ngakhale kwa amene si Msilamu: ngolo imadutsa, ambulansi imalowa, anthu onyamula jeneza amatha kusinthana mapewa osaponda mbewu za munthu.

M'buku la Muwatta la Imam Malik mulinso nkhani ya masiku a Umar ibn al-Khattab. Dahhak ibn Khalifa ankafuna kudutsitsa ngalande ya madzi pamunda wa Muhammad ibn Maslama kuti akathirire wake. Mwini munda anakana, ngakhale kuti ngalandeyo sikanamuwonongera kanthu ndipo iyenso akanathirira nawo. Umar anayesa kumunyengerera, atakanitsitsa analamula kuti ngalande idutse. Maulama anasiyana maganizo ngati woweruza aliyense angakakamize motero, ndiye nkhaniyi musaitenge ngati chikwanje chogwetsera mpanda wa mnzanu. Koma kwa Msilamu amene akutseka njira yosamuwonongera kalikonse, kungofuna kuonetsa kuti pano ndi panga, nkhaniyi ikumufunsa funso lovuta kuyankha.

Akatseka, muyambire pati?

Musagwetse mpanda, musathyole loko. Tikudziwa mtima umawawa ukaona njira ya agogo ako ili ndi waya. Koma mukagwetsa usiku, m'mawa apolisi sabwera kudzafunsa za njira. Amabwera kudzatenga anyamata pa mlandu wowononga katundu ndi kulowa pamalo a mwini. Nkhani ya njira imaiwalika, mudzi n'kuyamba kusonkha ndalama za belo. Komanso musakhale chete miyezi ndi miyezi, chifukwa kukhala chete nthawi yaitali kumaoneka ngati mwavomereza. Paja amati mlandu suola, koma umboni umaola.

Tsiku lomwelo jambulani chithunzi, lembani deti. Tumizani akuluakulu awiri kapena atatu akalankhule ndi mwini weniweni, osati mlonda kapena kapitawo. Nthawi zambiri mwiniyo ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo sadziwa n'komwe kuti kuseri kwa mpanda wake kuli manda. Ena akauzidwa amavomera kusiya kampata m'mbali mwa malire. Njira ikasunthidwa mamita 20 koma ikufikabe kudoko ndipo ndi yotambalala mokwanira, landirani, mulembe. Kukakamira kuti idutse pomwe pali khonde la munthu chifukwa ndi pomwe inkadutsa kale, pomwe wakupatsani ina yabwino, kumeneko n'kufuna mlandu, si kufuna njira.

Zikakanika, nkhani ipite kwa a nyakwawa ndi a gulupu. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anakhazikitsa komiti ya malo a makolo pa gulupu, wapampando wake ndi a gulupu eni ake, ndipo mwa anthu 6 osankhidwa, osachepera 3 ayenera kukhala amayi. Mfundo ya amayiyi si yokongoletsera. Amene amadziwa njira iliyonse yotsikira kunyanja ndi amene amakachapa, kutsuka mbale ndi kutunga madzi tsiku ndi tsiku. Abambo ambiri timadziwa ya kudoko yokha. Lamulo lomwelo linaika mabwalo oweruza milandu ya malo a makolo, kuyambira kwa T/A, kukwera pa boma, mpaka ku bwalo lalikulu la dziko lonse. Kumene makomitiwa sanayambe kugwira ntchito, bwalo la mfumu ndi ofesi ya DC ndiwo poyambira. Ngati njirayo ndi yopita kudoko, komiti ya BVC isakhale kumbuyo. Makomiti amenewa amadziwika pansi pa lamulo la za usodzi la 1997, ndipo kalata yochokera ku BVC kudzera ku ofesi ya zausodzi ya pa boma imalemera kuposa dandaulo la msodzi mmodzi.

Malo akakhala a lizi ndipo mwini wakanitsitsa, mapeto ake ndi khoti. Khoti lili ndi mphamvu yopereka chiletso kuti njira ikhale yotseguka mlandu ukadali mkati, makamaka ngati mwafulumira ndipo mwasonyeza kuti anthu akuvutika zenizeni. Osowa ndalama ya loya akagogode ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu otere. Pitani ndi zonse m'manja: makalata a mafumu, zithunzi, mayina a mboni, ndi pulani ya malo ngati mwaipeza.

Tsiku la saveya

Milandu yambiri ya njira imabadwa tsiku limodzi, tsiku limene a saveya abwera kudzaika mabikoni. Munthu akafuna lizi pamalo amene anali a makolo, mafumu amasayina kuvomereza, ndipo banja logulitsa limakhala litalandira kale ndalama. Tsiku loyeza, pamalopo pamakhala wogula, wogulitsa, a saveya ndi mwina nthumwi ya mfumu. Oyandikana nawo ali kumunda kapena ali mtulo atachezera panyanja. Mabikoni amakwiriridwa, njira ili mkati, ndipo palibe wanena kanthu. Lizi ya nyumba kawirikawiri imakhala ya zaka 99. Amene anagona tsiku limenelo wagonera zidzukulu zake zomwe.

Ndiye mukamva kuti malo oyandikana nanu akugulitsidwa, funsani tsiku loyeza ndipo mukakhalepo, amayi ndi abambo. Yendani nawo malire onse. Pemphani kuti njira isiyidwe kunja kwa mabikoni, chifukwa njira imene ili kunja kwa malo a munthu siifuna chilolezo cha wina aliyense. Imeneyi ndi yabwino kuposa easement yolembedwa bwino chotani. Inu mafumu athu, musanadinde chidindo funsani kuti anthu azitsikira pati kunyanja, ndipo pakati pa mapuloti awiri aliwonse kapena atatu pasiyidwe mpata wofika kumadzi. Inunso amene mukugulitsa chigawo cha kumsewu n'kutsala ndi cha kumbuyo, dzisungireni njira yanu m'kalata yogulitsira. Ambiri atsekeredwa ndi munthu amene anamugulitsa okha.

Kalembera wa malo a makolo pansi pa lamulo la 2016 anayesedwa koyamba m'madera ena a Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, ndipo akufalikira pang'onopang'ono. Akafika m'dera, malire a munda uliwonse amayendedwa ndi kujambulidwa, kenako mapu amapachikidwa poyera kuti amene ali ndi dandaulo anene zikalata zisanatuluke. Anthu ambiri pa mapu amangofunafuna dzina lawo ndi kukula kwa munda wawo, akapeza n'kubwerera kunyumba. Mukadzaima pamenepo, tsatani ndi chala njira ya kumjigo, ya kumzikiti, ya kusukulu, ya kumanda, ya ng'ombe yopita kokamwa madzi ndi ya kudoko, kuyambira poyambira mpaka pothera. Ngati ina yasowa kapena yadukira pa munda wa munthu, kauzeni mlembi wa komiti tsiku lomwelo, alembe dandaulo lanu m'buku inu mukuona, ndipo mufunse tsiku limene adzabwere kudzayendanso malirewo.